Chala cha Abiti Ajusa

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ndinapuma ntchito ndili pa mpando womwe uja, pamene anzanga amene ndinawaphunzitsa kugwira karimbo, chidindo cha mu ofesi, anakwezedwa. Amayi anu amati ndi kuuma khosi. Ine ndimati ndi chala cha mayi wina wokalamba wa ku Amaramba. Ndalemba izi kuti mudzaweruze nokha ine kulibe, poti mukandifunsa pamaso ndimapsa mtima ndisanafike pakati pa nkhani.

Entre Lagos, chaka chotsatira mtendere wa 1992

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha pakamwa. Tinali titangobwerera kuchokera ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, ndipo ine ndinkadziwa Chipwitikizi cha kusukulu, Chichewa cha kwathu ndi Chiyao cha kumsika. Anandikhazika pa tebulo pafupi ndi siteshoni ya sitima kuti ndizilemba anthu obwerera kwawo. Mapepala ankatha dzuwa lisanafike paliwombo. Tinta, inki yodindira chala ija, ikatha tinkathiramo madzi, ndipo ikasuluka kwambiri tinkakapempha kuchipatala mankhwala aja opaka pa zilonda. Ambiri sankatha kulemba dzina lawo, choncho ndinkawagwira chala chachikulu, kuchiviika, ndi kuchigubuduza pa pepala. Manja anga sanayerenso. Anthu anayamba kunditchula kuti Che Tinta, ndipo dzina la Anselmo linatsalira amayi anu ndi akuluakulu a kuntchito okha.

Shefi wanga woyamba, ndiye kuti bwana wa pa ntchito, anali Dona Amelia, mayi wamfupi wosadziwa kuseka. Tsiku lina bambo wina anandipempha kuti ndilembe ana ake onse, koma ena anali adakali tsidya lija la malire. Ndinatenga cholembera. Dona Amelia anandigwira dzanja. "Anselmo, wawaona anawo?" Ndinati ayi, koma bamboyu sakuoneka wabodza. Iwo anati, "Mwina si wabodza. Ndiye lemba kuti bambo wanena kuti ali ndi ana ena. Usalembe kuti wawaona. Cholembera ndi cha boma, koma dzina la pansi pa pepalalo ndi lako." Ndinakwiya nawo tsiku limenelo, poti anandidzudzula pagulu. Mawu awowo ndinayenda nawo ntchito yanga yonse ngati kamwala ka mu nsapato.

Mecanhelas, zaka zolipira okalamba

Kenako anandisamutsira ku ofesi yoona za anthu ovutika, ku boma la Mecanhelas. Ntchito yaikulu inali kulipira subsidiyo, kandalama kamene boma limapatsa okalamba opanda wowathandiza. Tinkapita ku Chiuta, ku Amaramba ndi midzi ina. Njinga yamoto tinali nayo, koma mafuta ake ankabwera akafuna okha, kotero nthawi zambiri ndinkapalasa yakapalasa, bokosi la tinta kumbuyo. Tinkalipira pakapita miyezi ingapo. Lamulo linali lakuti wolandira abwere yekha, timuone, adinde chala. Akalephera kuonekera maulendo awiri otsatizana, dzina lake linkachotsedwa pa lista, mndandanda wa olandira, ngati la womwalira, malo ake n'kupatsidwa wina. Wochotsedwa ankabwerera kumapeto kwa mzere wa odikira, ndipo mzere umenewo ambiri ankafa ali momwemo.

Mashefi ndinaona ambiri, aulesi ndi akhama omwe. Womaliza anali Shefi Valentim. Musamuyese munthu woipa. Anabwera pamalo pa mnzake amene anachotsedwa zitadziwika kuti kudera lina anthu akufa ankalandirabe, ndipo iye analowa mu ofesi ali ndi mantha kale. Ankawerenga pepala lililonse kawiri, milomo ikuyenda. Mawu ake anali amodzi tsiku lililonse: "Sindifuna mizukwa pa lista yanga." Ine ndinali nditatsala pang'ono kupuma, ndipo iye anali atalonjeza kulemba kalata yondikweza, kuti ndalama yanga yopumira idzakhale yoti n'kugulira malata.

Mwa anthu amene ndinkawalipira ku Amaramba munali Abiti Ajusa, Msilamu wa m'mbali mwa nyanja. Ana ake onse anamwalira nthawi ya nkhondo ndi pambuyo pake. Mwamuna wake, Che Bwanali, anali msodzi wokalamba, ndipo ndiye ankamubweretsa pa njinga, iye akukankha, mayiyo atakhala pa keliyala ngati mkwatibwi. Chala chake chachikulu chinabaidwa kalekale ndi minga ya mlamba, chinapola ndi chipsera, moti akadinda pankatsala mzere woyera wodutsa pakati. Ankakonda kundiseka. "Che Tinta, gwirani mwaulemu, amuna anga akuona." Che Bwanali ankayankha ali poteropo, "Musiyeni agwire, ndi boma limenelo, sililipira chiwongo."

Amaramba, dzinja loyandikira kupuma kwanga

Che Bwanali anamwalira mvula itangoyamba. Bwato ndi maukonde anatenga abale ake, monga zimakhalira. Abiti Ajusa analowa eda. Inu amene munakulira ku tchalitchi mwina simudziwa: mkazi wa Chisilamu akafedwa mwamuna amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, sapita kumsika kapena kumsonkhano, ndipo kumudzi kumeneko ankasunga mwambowu mwamphamvu, moti mwamuna amene si mbale wake samuona nkhope kapena kumugwira dzanja. Ulendo woyamba wolipira sanabwere. Wachiwiri kunabwera mlongo wake, Che Imedi, atanyamula khadi lake m'kapulasitiki. Shefi Valentim analipo tsiku limenelo. Anamvetsera, nati, "Khadi si munthu. Amene anachotsedwa ntchito uja ankalipiranso makhadi." Dzina la Abiti Ajusa analiika chizindikiro chofiira. Lista inayenera kupita ku Lichinga, ku likulu la chigawo, kumapeto kwa mwezi, pamene eda inali isanathe.

Mwezi womwewo kunabwera ophunzira zamalamulo awiri. Sukulu yawo yaukachenjede inkawatumiza nthawi yatchuthi kuti azithandiza kwaulere anthu osauka amene ali pa mkangano ndi maofesi a boma. Anakhala pa benchi pakhonde la sitolo ina moyang'anana ndi ofesi yathu. Mnyamata anali Dercio, wa nsapato zosongoka zimene matope athu anazimaliza sabata yoyamba. Mtsikana anali Julieta, wa ku Cuamba, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chimakuwa. Sindinawakonde. Ndinkati ana amene sanakwirirepo munthu abwera kudzatiphunzitsa za amoyo ndi akufa. Koma akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo Che Imedi atasowa kolowera anakakhala pa benchi yawo.

Nzeru yoyamba inali ya Dercio. Lamulo linkalola kuti wodwala akayenderedwe kunyumba, choncho iye anati apeze kalata ya kuchipatala yonena kuti gogoyo miyendo yatupa. Julieta anapita kukamufotokozera, poti mkazi amalowa. Anabwerako nkhope ili gwa. Anandipeza ndikupopa njinga kuseri kwa ofesi, nandiuza zimene gogoyo ananena: "Sindikudwala. Ndikulira mwamuna wanga. Ndakhala naye kuyambira ndili namwali, ndathawa naye nkhondo, ndiye miyezi yomalizayi ndiisandutse matenda a miyendo?" Kutuluka anakananso. Anati akafa ndi njala afere m'nyumba ya Che Bwanali.

"Ndiye mukufuna chiyani kwa ine?" ndinamufunsa.

"Ababa, ndawerenga lamulo lonse," anatero Julieta. "Silinena kuti wodwala yekha. Likuti aliyense wolephera kufika pa chifukwa chomveka. Koma pakufunika wa mu ofesi apite, amuone, asayine. Ife dzina lathu lilibe mphamvu."

Ndinapita kwa Shefi. Sanandilole kumaliza. "Kulira si chifukwa chomveka. Ndikatsegula khomo limenelo, mawa mudzi wonse uli pa eda. Sinyoro Anselmo, inu ndi wamkulu, musakokedwe mphuno ndi ana a sukulu. Mukapita, mwapita nokha, ndipo kalata yanu ija ndiiwala polembera." Analankhula motsitsa mawu, osandiyang'ana, akusanja mapepala amene anali osanjika kale.

Masiku otsatirawo ndinali munthu wovuta kukhala naye. Ndinkaopa, ndinene poyera. Inu awiri omaliza munali musanamalize sukulu, denga linkadontha, ndipo kukwezedwa kuja ndinali nditakudya kale m'maganizo. Amayi anu anati, "Mapanga awiri avumbwitsa, bambo. Sankhani limodzi mutisiye tipume." Sanandiuze loti ndisankhe, ndipo mpaka lero amati ndikanawafunsa bwino akanandiuza. Loweruka m'mawa ndinalowa mu ofesi ndi kiyi wanga, ndinatenga bokosi la tinta ndi pepala loyendera odwala, ndinamanga pa njinga.

Tinapita atatu, ine, Julieta ndi Dercio. Msewu wa ku Amaramba m'dzinja umadya munthu. Pena tinkakwera, pena njinga ndizo zinkatikwera. Tinkapatukira anyamata a mabasiketi a matemba othamangira kumsika, amene ankatiseka poona Dercio atakoleka nsapato zake m'khosi. Ine njira yonse ndinkangoganiza za Lolemba.

Che Imedi anatilandira pabwalo. Nyumba inali yaing'ono, yofolera udzu, ndipo pakhomo anali atapachika mkeka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ine ndi Dercio tinakhala pakhonde, Julieta analowa. Ndinapereka moni ndi kupepesa maliro. Kuseri kwa mkeka kunamveka mawu, ofooka koma omwe aja. "Che Tinta, mwabwera? Wondiyang'anira uja palibe tsopano." Ndinatsegula bokosi, ndinakankhira tinta ndi pepala pansi pa mkeka pomwe panali mpata. Panatuluka manja awiri, la Julieta litagwira la gogoyo. Linali litaonda kwambiri. Ndinamuuza Julieta kuti asakanikize, agubuduze kuchokera kumanzere. Chala chitachoka, mzere woyera uja unali pakati.

Vuto linali pansi pa pepalalo. Pamwamba pa malo osayina panali mawu osindikizidwa kale, akuti ine wogwira ntchito m'boma ndamuona munthuyu maso ndi maso ali moyo. Ndinawawerenganso mawuwo, cholembera chili m'manja.

"Sayinani, ababa," anatero Dercio. "Mwamumva, mwaona dzanja. Kusiyana kwake n'kotani?"

"Nkhope sindinaione."

"Adzadziwa ndani? Mukalemba zina, shefi wanu apeza pogwira. Tabwera mtunda wonsewu kuti timupatse chifukwa chokanira?"

Che Imedi anagwada pafupi nane, munthu wamkulu kundiposa. "Che Tinta, chimanga cha chaka chatha chatha. Ine ndemwe ndikudya kwa akamwini. Mukamuchotsa ameneyu, mwamuika m'manda ali maso. Lembani zimene boma likufuna kumva."

Mnyamatayo sankalakwa, ndipo Che Imedi sankalakwa. Kusayina kunali kosavuta, ndipo mwina Shefi akanangotukwana n'kulandira. Koma ndinadziwanso kuti Amaramba yense akudziwa kuti mayiyu ali pa eda. Ndikalemba kuti ndamuona maso ndi maso, ndiye kuti kaya ine ndanama, kaya iye waonetsa nkhope kwa mwamuna wachilendo. Pepala limenelo likanamunyozetsa pa chinthu chokhacho chimene ankachisunga. Ndili mkati moganiza, mawu anatulukanso kuseri kwa mkeka. "Mukukangana chiyani kunjako?" Julieta anamufotokozera. Gogoyo anati, "Che Tinta, ndinakana kunamiza achipatala. Musanditengere bodza lina pakhomo pano. Lembani zimene zachitika."

Ndinadula mzere pa mawu osindikizidwa aja. M'munsi ndinalemba kuti nkhope sindinaione chifukwa mayiyu ali pa eda, kuti ndamva mawu ake amene ndimawadziwa, ndi kuti ndaona dzanja lake likudinda chala pamaso panga. Ndinasayina. Dercio anaimirira n'kupita kukaima pa mtengo wa mango, osandilankhula mpaka titafika ku Mecanhelas. Che Imedi sanatiperekeze. Pobwerera ndinkamva ngati ndataya zonse ziwiri, kukwezedwa kwanga ndi malo a gogoyo.

Mecanhelas, kumapeto kwa mwezi womwewo

Lolemba Shefi Valentim anawerenga pepalalo kawiri, monga mwa chizolowezi chake. "Mwatenga katundu wa boma popanda chilolezo, mwadetsa pepala la boma, ndipo mwavomera nokha kuti simunamuone. Ndikuthokozeni pa chiti?" Analikana. Ophunzira aja analemba dandaulo tsiku lomwelo. Dercio, ngakhale anali atandikwiyira, ndiye analemba, ndipo analemba bwino. Mwayi wathu unali woti mkulu wina wa ku Lichinga ankabwera yekha kudzatenga lista, ndipo lamulo linkamukakamiza kumva madandaulo asanaisindikize.

Tinakhala mu ofesi ya Shefi, mawindo otseka chifukwa cha mvula. Mkulu uja anali mayi wa magalasi, wotopa, amene maso ake ankangopita ku galimoto yake panja poopa kuti msewu utsekeka. Shefi analankhula koyamba, ndipo sananame. Anafotokoza za mnzake wochotsedwa uja, nati, "Dzanja lotuluka pansi pa mkeka lingakhale la aliyense. Lero ndi dzanja, mawa adzatibweretsera mpango wake." Mayi uja anandiyang'ana. "Sinyoro, munamuona kapena ayi?" Ndinati, "Nkhope ayi." Iye anatenga cholembera, ndipo ndinaona kuti nkhani yatha.

Julieta anaimirira. Anapempha kuti atulutse mapepala olipirira a ku Amaramba a zaka zam'mbuyo. Shefi anati ndi kutaya nthawi, koma mayi uja analola, ndipo ndinakawatenga ndine. Julieta anawayala pa tebulo, pambali pake n'kuika langa lija. "Dotora," anatero kwa mayi uja, "tandionetsani nkhope ya Abiti Ajusa m'mapepala awa." Munalibe, poti makina ojambulira anali asanafike kwathu nthawi imeneyo. "Zaka zonsezi boma lamulipira mayiyu, ndipo chimene linasunga ndi chala chokha. Lero chala chomwecho chabwera, mukuti simukuchidziwa. Nanga amene munkamulipira uja anali ndani?" Mayi uja anavula magalasi, nayandikitsa mapepala kumaso. Mzere woyera unali pa lililonse.

"Nanga kulira ndi chifukwa chomveka?" anafunsa Shefi.

Anayankha Dercio. "Lamulo silinatchule zifukwazo, linasiyira wopita kukaona kuti alembe chimene wapeza. Bambowa alemba. Akanasayina mawu osindikizidwa aja, bwenzi lero mukutifunsa kuti mkazi wa pa eda anamuona bwanji, ife n'kusowa poyankha." Ananena izi akuyang'ana pansi. Sanandipepese, ndipo sindinafune kuti atero.

Mayi uja sanagamule pomwepo. Anatuluka kukaimba lamya pakhonde, ife tinatsala osayang'anana, tikumva mvula pa malata. Atabwerera anafufuta chizindikiro chofiira, nasayina pambali. Anati ndalama za maulendo awiri aja zinabwezedwa kale ndipo sizingatuluke, koma dzina likhala. Kenako anati, "Za bokosi la tinta ndi za shefi wa pano, ine sizindikhudza." Shefi Valentim anasunga mawu ake. Anandilembera chenjezo, ndipo kalata yondikweza sanailembe. Chenjezolo lili m'sutikesi yakuda ija, mukalifuna. Malata a nyumba ino anagula ndi mkulu wanu, patapita nthawi.

Ophunzira aja anabwerera kusukulu sabata yotsatira. Julieta anadzanditsanzika, nandifunsa ngati ndikudandaula. Ndinamuuza zoona, kuti inde, ndikudandaula, ndipo ndidzadandaulabe mwezi uliwonse polandira ndalama yanga yopumira. Anaseka, poyesa kuti ndikuchita nthabwala.

Amaramba, nthawi yokolola

Tinapitanso kukalipira chimanga chitauma m'minda. Shefi anabwera nawo, ndipo tinali tisanalankhulane zina kupatula za ntchito. Tinaika tebulo pamalo a nthawi zonse, okalamba atakhala pamzere pa mikeka yawo. Ndinaitana maina mmodzimmodzi. Nditafika pa la Abiti Ajusa sindinakweze maso, poti ndinkaopa kuti mwina njala ya m'dzinja inachita zimene chizindikiro chofiira chinalephera.

Anabwera wapansi, atagwira ndodo, popanda womukankhira njinga. Anali atachepa thupi moti nsalu inkamuzungulira kawiri. Sanabwere kwa ine. Anapita molunjika pamene panakhala Shefi Valentim, nakankhira mpango wake kumbuyo pang'ono, naima pamaso pake. Shefi anayang'ana pa lista, kenako anamuyang'ana iye, ndipo gogoyo anaimabe mpaka anthu pamzere anasiya kulankhula.

"Shefi, ndamva kuti munkafuna nkhope," anatero. "Ndi imeneyi. Ionetsetseni, mwina ulendo wina simudzaipeza."

Gogoyo anatembenukira kwa ine, natambasula dzanja pamwamba pa tinta.

"Gwirani, Che Tinta. Masiku a Che Bwanali ndamaliza onse, sindinamubere ngakhale limodzi."